Kodi aphungu angamange mtsogoleri wakale chifukwa cha zikwanje za anyamata a chipani?

Bambo wina wa ku Rosettenville, amene amagwira ntchito ya ukalipentala, walemba motere: "Kumudzi nthawi ya kampeni mng'ono wanga anakhapidwa ndi zikwanje pamutu ndi pamkono. Anachita zimenezi ndi anyamata amene anabwera pa lole atavala makaka a chipani, akuimba nyimbo zotamanda mtsogoleri wawo, yemwe pano salinso pampando. Mlamu wanga anajambulako pang'ono pa foni, vidiyoyo ananditumizira pa WhatsApp. Pa gulu lathu la maliro kuno ku Joni takangana mpaka kutsala pang'ono kudana. Ena akuti aphungu akangokhazikitsa komiti ngati ya ku America kapena ya ku Brazil, mkuluyo akalowa ku Maula. Ena akuti palibe chingachitike, khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Zoona ndi ziti? Nanga ine ndingapereke umboni ndili kuno? Pemiti yanga inatha, ndipo amayi ali kumudzi komweko, ndikuopa."

Bambo, pepani ndi zomwe zinamuonekera mng'ono wanu. Mtima ukhale m'malo, simunachedwe. Kukhapa munthu ndi chikwanje ndi mlandu waukulu, ndipo mlandu wotere suola: nduna zitatu ndi phungu mmodzi anaphedwa ku Mwanza mu 1983, koma nkhani yawo inalowa m'khoti mu 1995, patapita zaka 12. Mantha anuwo ndi oyenera, ndipo ndifikako. Koma anzanu a pa gulu la maliro, mbali zonse ziwiri, agwira mchira asiya mutu.

Komiti ya aphungu si khoti. Siigamula mlandu, siipereka chilango cha ndende pa ziwawazo, ndipo ilibe apolisi ake. Mphamvu yake ili pa kuitana. Gawo 60 la malamulo oyendetsera dziko la Malawi limapatsa Nyumba ya Malamulo ndi makomiti ake mphamvu yofufuza nkhani komanso yoitana munthu aliyense kuti akaonekere, ndipo wokana popanda chifukwa chomveka amatengedwa kuti wanyoza Nyumbayo. Mawu akuti aliyense sasiya kunja mtsogoleri wakale. Kuno ku South Africa ndi chimodzimodzi pa gawo 56 la malamulo awo, ndipo lamulo la mphamvu za Nyumba ya Malamulo la 2004 limati wokana kuonekera akhoza kulipitsidwa chindapusa kapena kukhala kundende mpaka miyezi 12. Komiti ikamaliza imalemba lipoti, lipotilo amakambirana m'Nyumba, basi ntchito yake yathera pomwepo. Kumanga ndi kwa apolisi, kutengera nkhani kukhoti ndi kwa mkulu wozenga milandu ya boma, kugamula ndi kwa oweruza.

Tsono za khoswe wa pa mkhate. Gawo 91 limateteza Pulezidenti ali pampando kuti asazengedwe mlandu. Akachoka, chitetezocho chimachepa kwambiri: sangaimbidwe mlandu payekha pa zimene anachita monga ntchito ya udindo wake, koma pa zina zonse ali ngati inu ndi ine. Apa ndi pamene maloya amadyera. Kutuma anyamata a chipani ndi zikwanje si ntchito ya upulezidenti, ndipo sindikuona woweruza amene angavomereze kuti ndi ntchito ya boma. Koma ngati nkhani ndi yakuti analamula apolisi kuti akabalalitse zionetsero, anthu n'kufa, maloya ake adzanena kuti iye ankasungitsa bata monga mkulu wa dziko, ndipo mkangano umenewu wokha ukhoza kudya zaka m'makhoti mlandu weniweni usanayambe.

Popeza anzanu akutchula America, tiione bwino. Pa 6 Januwale 2021 otsatira a Donald Trump anathyola n'kulowa m'nyumba ya malamulo ku Washington pofuna kulepheretsa kutsimikizira zotsatira za chisankho. Pakati pa chaka chomwecho aphungu anakhazikitsa komiti ya anthu 9, wapampando wake Bennie Thompson, wachiwiri wake Liz Cheney. Komitiyi inagwira ntchito yoti n'kuigomera. Inafunsa mboni zoposa 1,000, inaonetsa zokambirana zake pa TV kuyambira mu Juni 2022, ndipo inalondoloza mphindi ndi mphindi zomwe Trump ankachita pa mphindi 187 zimene zinadutsa asanauze anthu ake kuti abwerere kwawo. Ambiri mwa amene anapereka umboni wolemera anali anthu a m'nyumba yake momwe, monga Cassidy Hutchinson amene ankagwira ntchito ku White House. Mu Disembala 2022 komiti inatulutsa lipoti la masamba oposa 800 ndipo inapempha unduna wa zachilungamo kuti umuzenge milandu inayi.

Nanga anamangidwa? Ayi. Komiti inamuitana mu Okutobala 2022, iye anathamangira kukhoti kukatsutsa, ndipo nthawi ya aphunguwo inatha asanaonekere. Amene analowa kundende chifukwa cha komitiyi ndi Steve Bannon ndi Peter Navarro, alangizi ake akale, miyezi inayi aliyense, ndipo mlandu wawo unali wokana kuitanidwa, osati ziwawa. Mlandu wa Trump mwini unatsegulidwa ndi wozenga milandu wapadera mu Ogasiti 2023, khoti lalikulu kwambiri la dzikolo linagamula mu Julayi 2024 kuti pulezidenti ali ndi chitetezo pa ntchito za udindo wake, ndipo atapambana chisankho mu Novembala 2024 mlanduwo unathetsedwa. Chinanso chimene chinafooketsa komitiyi n'chakuti mwa anthu 9 aja, a chipani cha Trump anali awiri okha, ndipo onse awiri anali atasemphana naye kale. Otsatira ake anangoti ndi ndale, lipoti osaliwerenga n'komwe.

Ku Brazil zinatha mosiyana, koma muonetsetse kuti anamanga ndani. Pa 8 Januwale 2023 otsatira a Jair Bolsonaro, pulezidenti amene anali atangochoka pampando, anaphwanya nyumba ya malamulo, khoti lalikulu ndi nyumba ya pulezidenti ku Brasília, mwini wake ali ku Florida. Komiti ya aphungu inafufuza, ndipo mu Okutobala 2023 lipoti lake linati anthu 61 azengedwe milandu, Bolsonaro ali momwemo. Chilango cha zaka 27 ndi miyezi itatu chinabwera mu Seputembala 2025, chochokera ku khoti lalikulu, ndipo chinatsamira pa kafukufuku wa apolisi: mauthenga a m'mafoni, zikalata zokonzekera kulanda boma, ndi umboni wa Mauro Cid, msilikali amene anali womuthandizira wapafupi, yemwe anavomera kuulula kuti chilango chake chichepe. Komiti inathandiza kuti nkhani isazizire. Chingwe chinamangidwa ndi ena.

Kuno ku Joni phunziroli tinaliona ndi maso. Ambiri amaganiza kuti Jacob Zuma anamangidwa chifukwa cha katangale kapena zipolowe. Sichoncho. Khoti la Constitutional Court linamupatsa miyezi 15 kumapeto kwa Juni 2021 chifukwa chonyozera lamulo lake loti akaonekere ku komishoni ya Jaji Zondo yofufuza za katangale m'boma. Zipolowe zinabwera pambuyo pake, atalowa m'ndende mu Julayi. Amene munali kuno mukukumbukira magalimoto akuyaka mu Jules Street, Pan Africa Mall ku Alexandra ndi Jabulani Mall ku Soweto atasesedwa, ndipo ku Gauteng ndi KwaZulu-Natal kunafa anthu oposa 350. Gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Pulofesa Sandy Africa linatulutsa lipoti mu Febuluwale 2022 lodzudzula apolisi ndi akazitape a boma chifukwa chogona, ndipo bungwe la South African Human Rights Commission linatulutsa lake mu Januwale 2024. Malipoti onsewa sanatsekere mtsogoleri aliyense. Kuitana kumaluma pokhapokha khoti likaimirira kumbuyo kwake, ndipo kuloza amene anayatsa moto ndi ntchito ina yovuta kuposa kuwerenga mitembo.

Apa ndi pagona nkhani yanu yonse. Vidiyo ya mlamu wanu ikhoza kumangitsa mnyamata amene anagwira chikwanje. Kuti mlandu ukwere mpaka kwa mtsogoleri pamafunika unyolo wosaduka: anabwereka lole ndani, mafuta anagula ndani, zikwanje zinagulidwa sitolo iti ndi ndalama za yani, anyamatawo anadyera kuti usiku wake, anaimbirana foni ndi yani m'mawa mwake, nanga apolisi a pafupi anauzidwa ndi yani kuti ayang'ane kumbali. Makaka a chipani si umboni wa lamulo, chifukwa nsalu ndi matisheti amagawidwa pa msonkhano uliwonse. Nyimbo zotamanda mtsogoleri si umboninso. Khoti limafuna kuona kuti iye analamula, kapena analipira akudziwa cholinga, kapena analankhula mawu olimbikitsa ziwawa zomwezo.

Nkhani ya ku Mwanza ndi imene imaphunzitsa izi kuposa zonse. Aaron Gadama, Dick Matenje, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga anaphedwa mu Meyi 1983, boma n'kulengeza kuti inali ngozi ya galimoto. Bakili Muluzi atalowa m'boma mu 1994 anakhazikitsa komishoni yotsogozedwa ndi Jaji Mtegha, ndipo inapeza kuti anthuwa anaphedwa ndi apolisi, ngoziyo inali yochita kukonza. Kumayambiriro kwa 1995 Dr Kamuzu Banda anatsekeredwa panyumba, John Tembo anamangidwa. Apolisi amene anachita nawo anafika m'khoti n'kufotokoza okha zomwe anachita. Komabe mu Disembala 1995 onse oimbidwa mlandu anapezeka osalakwa. Zoti anthu anaphedwa panalibe wotsutsa. Chinasowa ndi pakati pa unyolo: akuluakulu amene lamulo likanadutsira anali atamwalira kale, ndipo lamulo lotere salemba papepala. Ndiye mukamva kuti mlandu suola, dziwaninso kuti mboni zimamwalira ndipo mafoni amatayika.

Muonenso kuti kwathu kafukufuku wamkulu wa mtundu uwu wakhala wa makomishoni osankhidwa ndi Pulezidenti, osati makomiti a aphungu. Ndi mmene zinalili ndi Mwanza, ndi imfa za anthu 20 pa zionetsero za pa 20 Julayi 2011, komanso ndi imfa ya Robert Chasowa, wophunzira wa ku Polytechnic, imene komishoni ya Jaji Andrew Nyirenda inapeza mu 2012 kuti anachita kuphedwa. Njira iliyonse ili ndi chilema chake. Komishoni imapereka lipoti kwa amene anaisankha, ndipo iye ndi amene amaona chochita nalo. Komiti ya aphungu imafunsa poyera, zomwe n'zabwino, koma mamembala ake ndi andale, ena a chipani cha wofufuzidwayo, ena adani ake. Zimene zimaiononga kawirikawiri ndi izi: ntchito yake ikalembedwa motambalala kwambiri imangoyendayenda osafika pa funso lenileni, ndalama za mikumano zikatha imaima, aphungu amakonda kulankhula okha pa kamera m'malo mofunsa mboni mafunso afupiafupi, ndipo zaka zisanu zikatha Nyumba imatsekedwa, komiti n'kufa nayo. Ine maganizo anga ndi akuti komiti yabwino ndi imene imayamba ndi zikalata, monga mabuku a malipiro, ndandanda wa magalimoto ndi buku lolembamo zochitika la pa polisi, mtsogoleri n'kumuitana kumapeto. Yoyamba ndi kuitana mtsogoleri imakhala ikufuna mitu ya nkhani.

Pali chida chimodzi cha aphungu chimene anthu sachidziwa. Mkulu wozenga milandu ya boma akathetsa mlandu, gawo 99 limamukakamiza kufotokozera komiti yoona za malamulo zifukwa zake pasanathe masiku 10. Choncho ngati mlandu wa anyamatawo utatsegulidwa kenako n'kuzimiririka, phungu wa kwanu ali ndi khomo lokafunsira.

Tsopano zoti muchite. Yambani ndi vidiyo, lero lomwe. Imene muli nayo inuyo ndi yofooka, chifukwa WhatsApp imafinya vidiyo ndipo imachotsa zambiri zosonyeza tsiku, nthawi ndi foni imene inajambula. Yamphamvu ili mu foni ya mlamu wanu. Auzeni asaigulitse foniyo, asaipereke kwa okonza mafoni kuti aifufute, ndipo ngati yawonongeka aisunge momwemo. Akutumizireninso vidiyoyo ngati dokyumenti, osati ngati vidiyo wamba, kapena aikopere ndi chingwe pa kompyuta. Sungani makope awiri m'malo osiyana, lina pa fulashi kuno, lina pa imelo yanu. Musaidule, musaikemo nyimbo kapena mawu, musazungulize nkhope za anthu ndi mizere yofiira. Mukatero loya wa mbali inayo adzangoti yakonzedwa. Lembani papepala amene anajambula, tsiku, malo, pamene anaima, ndi aliyense amene analandira vidiyoyo motsatana. Malamulo a Malawi amalola umboni wa pa foni ndi pa kompyuta, koma wojambulayo ndiye amafunika kudzanena kuti ndinajambula ndine.

Zikutanthauza kuti mboni zenizeni ndi mng'ono wanu ndi mlamu wanu. Inu simunaliko, ndipo zomwe munauzidwa khoti silizilemekeza kwenikweni, ngakhale komiti ikhoza kuzimvera. Aliyense wa awiriwa alembe yekha zomwe anaona, osakhala pamodzi, chifukwa maumboni ofanana liwu ndi liwu amakayikitsa. Alembe nthawi, mtundu wa lole, nambala yake ngakhale akukumbukira manambala awiri okha, mayina kapena maina ongotchulira a anyamata amene anawazindikira, mawu amene ananenedwa pokhapa, ndi ngati panali wapolisi pafupi. Pamene sakukumbukira alembe kuti sakukumbukira. Buku la kuchipatala la mng'ono wanu lisungidwe ngati ndalama, pamodzi ndi kalata ya kupolisi imene anapita nayo kuchipatala, malisiti a mankhwala ndi zithunzi za zipsera. Ngati sanakanene kupolisi nthawi imeneyo, akhoza kukanenabe, ndipo atenge nambala ya nkhaniyo ndi dzina la wapolisi woilandira.

Gawo lanu muli kuno ndi kalata yolumbira yofotokoza mmene munalandirira vidiyo ndi ndalama zomwe munatumiza zochizira. Ku South Africa anthu amalumbira ulere pa polisi, koma poti pemiti yanu inatha, musapite kumeneko. Maloya nawonso ali ndi mphamvu yolumbiritsa. Kalata yoti ikagwire ntchito kukhoti la ku Malawi ndi bwino ilumbiridwe pamaso pa loya amene ndi notary, kutanthauza wololedwa kutsimikizira zikalata, kenako ikadindidwe chidindo chotchedwa apostille ku High Court. Mayiko onse awiri amachivomereza. Musanawononge ndalama pa zimenezi, funsani kaye loya wa kumudzi ngati kalatayo ikufunikadi motero. Komiti ya aphungu imalandira makalata kudzera kwa mlembi wa Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe, ndipo masamoni ake safika kuno, kotero palibe angakukokeni. Pa nkhani ya mapepala anu, onanani ndi a Lawyers for Human Rights kapena Wits Law Clinic ku Braamfontein. Nkhani ziwirizi muzisiyanitse, chifukwa mukatuluka m'dziko muno pemiti itatha akhoza kukuletsani kulowanso kwa nthawi, ndiye musakwere basi ku Park Station mothamangira kukapereka umboni musanafunse.

Za Facebook ndi magulu a WhatsApp, gwirani mtima. Phungu akatchula dzina la munthu m'Nyumba amatetezedwa ndi lamulo. Inu mukalemba pa intaneti kuti wakutiwakuti ndiye anatuma, mulibe chitetezo chimenecho, ndipo akhoza kukusumirani chifukwa choipitsa mbiri. Choopsa kwambiri n'chakuti vidiyo imaulula mwini wake: anthu a m'mudzi akaiona adziwa kuti inajambulidwa kuchokera pa khonde la yani. Ku Kenya mlandu wa Uhuru Kenyatta, amene panthawiyo anali pulezidenti, ku khoti la mayiko onse la ku The Hague, wokhudza ziwawa za pambuyo pa chisankho cha 2007, unathetsedwa mu Disembala 2014 mboni zina zitabwerera m'mbuyo ndipo umboni utaperewera. Musadalire kuti komiti idzateteza amayi anu, ilibe alonda. Chimene mungapemphe, kudzera kwa loya komanso umboni usanaperekedwe, n'chakuti mboni zimvedwe m'chipinda chotseka ndipo mayina asalembedwe mu lipoti. Ndipo mng'ono wanu ndi mlamu wanu avomere okha. Iwo ndi amene amagona kumeneko.

Musadikire komiti imene mwina siidzakhazikitsidwa. Bungwe la Malawi Human Rights Commission limalandira madandaulo otere, ndipo lipoti lake pa nkhanza za apolisi kwa amayi a ku Msundwe mu 2019 linathandiza kuti khoti lilamule chipukuta misozi mu 2020. Ngati apolisi anaonerera kapena anakana kutsegula nkhani, dandaulo lipite ku Independent Complaints Commission, bungwe lofufuza madandaulo okhudza apolisi. Wosowa ndalama za loya apite ku Legal Aid Bureau, ndipo apite msanga, chifukwa mlandu wofuna chipukuta misozi, mosiyana ndi mlandu wa kukhapa, uli ndi malire a nthawi ndipo akadutsa khoti limakana kuumva.

Pali zinthu ziwiri zosafunika kudikira loya. Wina akayamba kuopseza amayi kapena mlamu wanu, kaya pa foni kaya pobwera pakhomo usiku, asunge uthengawo, alembe tsiku ndi nthawi, akanene ku polisi ya pa boma ngati ya pafupi siyodalirika, adziwitsenso a Human Rights Commission tsiku lomwelo, ndipo ngati n'kotheka akayambe akhala kwa achibale dera lina. Chachiwiri ndi mutu wa mng'ono wanu. Bala la chikwanje likhoza kupola kunja mkati muli vuto. Ngati akumva mutu wosatha, akusanza, akukomoka, akuiwalaiwala, dzanja likuchita dzanzi, kapena sagona chifukwa cholota zomwe zinachitika, apite ku chipatala chachikulu cha boma, ndipo dokotala alembe zonsezo m'buku lomwe lija.